Ndinapita ku mademo ndili ndi mantha, izi ndi zimene ndinaona

Anthu angapo, ena achibale ena anzanga akuntchito, akhala akundifunsa kuti ku mademo kuja kunali bwanji, koma funso lawo lenileni ndimalimva ngakhale salinena, akufuna kudziwa ngati munthu wamba wopanda chipani, wokhala ndi ana oti awalere, angapiteko nkubwerako bwinobwino. Nde ndati ndilembe mmene ndinazionera ine. Sindikukakamiza munthu ayi, moyo ndi wanu ndipo mavuto a pakhomo panu mukuwadziwa ndinu, koma amene mwatsimikiza zopita ndikufuna mupite mukudziwa zimene zili kutsogoloko.

Ine si wandale, sindinagwirepo khadi la chipani chilichonse. Chinanditulutsa m'nyumba ndi zinthu zimene zinkangounjikana pang'onopang'ono, lero mwamva mtolankhani amutenga usiku chifukwa cha nkhani imene analemba, mawa khoti lagamula koma akuluakulu akuchita ngati sanamve, mkuja wailesi aitseka, amene wadzudzula amuchotsa ntchito, kenako nkumamveka zoti akufuna asinthe malamulo kuti mtsogoleri asachoke pampando. Chilichonse pachokha chimaoneka chaching'ono nde munthu umangoti aaa zipita izi. Tsiku lina tikucheza ndi akazi anga za boma, m'nyumba mwathu momwe, zitseko zotseka, mwana wathu anatifunsa kuti "ababa, mukunong'oneranji?" Zinandipweteka kwambiri. Ndinaona kuti mantha andilowa mpaka kuchipinda ndipo mwana uja akuphunzira kwa ine kuti za dziko lake azizinena monong'ona.

Usiku woti mawa ndi tsikulo foni sinapume. Uyu akuti aletsa, uyu akuti asilikali auzidwa kuti awombere aliyense, wina akuti malo okumanirana asintha. Chonde abale, zambiri mwa izi zimafalitsidwa dala kuti anthu akhale pakhomo kapena akasonkhane malo olakwika ali ochepa. Tsatirani zimene okonza zionetserozo alengeza okha ndi maina awo, ndipo voisi noti yopanda mwini, ya "ndamva kwa m'bale wanga amene ali mkati", musaitumize kwa wina aliyense.

Nkhanga zinapangana kusanache, ifenso kagulu kathu tinakhala pansi madzulo ake. Tinagwirizana kuti palibe woyenda yekha, aliyense ali ndi mnzake mmodzi amene akumuyang'anira ndipo wina akati watopa kapena mantha amukulira onse awiri akubwerera, popanda kunyozana. Tinasankha malo awiri okakumana tikabalalika, ena pafupi ena patali ndithu ndi njira ya mademo. Mlamu wanga ali ndi mphumu nde tinamuuza kuti iye asapite, utsi wa tiyagasi ukhoza kumupha, koma ntchito imene anagwira ali pakhomo inali yaikulu kuposa ya ena tonse: anali ndi maina athu onse, manambala a achibale athu, nambala ya maloya amene analengeza kuti athandiza omangidwa, ndipo tinamuuza kuti ikakwana nthawi yakutiyakuti wina sanaimbe ayambe kufufuza. Nambala yake aliyense anailemba pa mkono ndi cholembera chosafufutika msanga, chifukwa foni imatha kugwa, kulandidwa kapena kutha moto ndipo masiku ano ndi ochepa amene amasunga nambala pamtima. Amene simungathe kuyenda, odwala, oyembekezera, olera khanda, ntchito ngati imeneyi ilipo ndipo musadzione ngati mwathawa.

Zonyamula sizambiri. Madzi okwanira akumwa ndi osamba m'maso, nsapato zotseka zomanga zingwe osati mapatapata, chiphaso chanu, mankhwala ngati mumamwa tsiku lililonse, kansalu kapena masiki, chipewa, kachikwama kakumsana kuti manja akhale opanda kanthu. Kampeni ngakhale kakang'ono ka pa makiyi kasiyeni, akakupezani nako nkhani imasintha nkukhala yoti munali ndi chida. Mowa ayi. Ana ang'ono ayi. Musadzole mafuta ambiri tsiku limenelo chifukwa utsi umamatirira pa mafuta nkumakuwotchani nthawi yaitali, ndipo amene mumavala ma contact lens valani magalasi.

Titafika mmawa anthu anali ochepa, apolisi ndi amene anaoneka ambiri, mtima wanga unagwa ndithu. Koma kenako tinayamba kumva nyimbo kuchokera m'misewu ya m'mbali, gulu ili latulukira uku, lina uko, anamwino, aphunzitsi, ophunzira, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, azimayi ogulitsa malonda, madala oyenda ndi ndodo, ena atanyamula zikwangwani zolemba pa makatoni. Ndiye mauthenga anayamba kulowa oti mizinda ina nakonso anthu atuluka, mpaka m'matauni ang'onoang'ono. Apa mpamene ndinamvetsa chifukwa chake zionetsero za dziko lonse zimaopedwa ndi olamulira ankhanza. Zikachitika malo amodzi amasonkhanitsa apolisi onse pamenepo, komanso amanena kuti ndi anthu a chigawo chimodzi kapena mtundu umodzi amene akudana ndi mtsogoleri. Zikachitika paliponse tsiku limodzi bodza limenelo siligwira, ndipo aliyense amene ankaganiza kuti ndi iye yekha wotopa amaona ndi maso kuti ali ndi anzake.

Chimene sindidzaiwala chinachitika titayandikira mzere wa apolisi amene anatseka msewu ndi zishango. Pafupi nane panali mnyamata, mwina wa zaka za m'ma 20, thukuta lili chuchuchu, anawerama nkutola mwala waukulu. Mayi wina wachikulire amene ankayenda motsimphina anamugwira dzanja, osati mwamphamvu ayi, anangoligwira nkunena kuti "mwanawe, ika pansi mwalawo. Ukagenda iwe uthawa, nanga ine ndi miyendo imeneyi ndithawira kuti?" Mnyamata uja anayankha mokwiya kuti "amayi, anthu awa anamenya mkulu wanga, simukuwadziwa." Mayi aja anati "ndikuwadziwa mwananga, nchifukwa chake ndabwera. Ukufuna mawa ndibwerenso kapena ndikhale kunyumba?" Anaima kanthawi akupuma mwamphamvu, kenako mwala uja anauponya m'ngalande. Anayenda limodzi mtunda wonse wotsalawo, iye atawanyamulira botolo la madzi.

Mawu a mayi aja ndi amene ndimauza aliyense wondifunsa. Mphamvu ya mademo ili pa kuchuluka kwa anthu, ndipo anthu ambiri ndi amantha ngati ine, ndi okalamba, ndi azimayi, ndi ogwira ntchito amene akuopa kuchotsedwa. Anthu amenewa amabwera ngati akuona kuti pali bata, ndipo mwala woyamba ukangouluka, shopu yoyamba ikangothyoledwa, sabweranso. Otsala amakhala anyamata okhaokha amphamvu zothamanga, ndipo amenewo boma silivutika nawo, limawatcha mbava nkuwaonetsa pa TV usiku wonse, nkhani ya mtolankhani womangidwa uja yaiwalika. Izi si maganizo anga okha. Akatswiri a kafukufuku Erica Chenoweth ndi Maria Stephan anafufuza magulu 323 amene analimbana ndi maboma kuyambira 1900 mpaka 2006, anapeza kuti osagwiritsa ntchito zida anapambana pafupifupi 53 pa 100 alionse pamene a zida anapambana 26 okha, ndipo chifukwa chachikulu chinali chomwechi, kuti kopanda ziwawa kumabwera anthu ambiri a mitundu yonse. Chenoweth ndi amenenso anatchukitsa nambala ija ya 3.5 peresenti, yoti anthu okwana chiwerengero chimenechi m'dziko akatuluka pamodzi boma silikhalitsa osagonja, koma eni akewo amachenjeza kuti si lamulo ayi, ndi zimene zinaoneka m'mbiri basi, ndipo maboma nawonso aphunzira njira zatsopano. Ku Leipzig, mzinda wa dziko limene linali East Germany, pa 9 Okutobala 1989 anthu pafupifupi 70,000 anayenda ndi makandulo akufuula kuti pasakhale ziwawa, asilikali ali chire ndi mfuti koma sanawombere, patangotha mwezi khoma limene linkagawa mzinda wa Berlin pawiri linatseguka.

Dziwaninso kuti si aliyense wogenda amene ndi mnzanu wokwiya. Ena amachita kutumidwa kuti ayambitse chipolowe apolisi apeze chifukwa. Simungawadziwe onse ndipo musayambe kumenya munthu pomuganizira, zimenezo ndi ziwawa zomwezo. Chimene ma marshal athu, anthu osungitsa bata pakati pa oyenda pa mademo, anachita chinandisangalatsa, pamene kagulu kena kanayamba kuphwanya magalasi anakuwa kuti tonse tikhale pansi, ndipo titakhala pansi ophwanyawo anatsala chiimire okha, aliyense akuwaona, anangozemba. Mukaona zotere talikirani, uzani ma marshal, ndipo katundu wa m'shopu yothyoledwa musamukhudze ngakhale atagwera pa mapazi anu.

Tiyagasi anabwerabe, tisanalakwe chilichonse. Ndinamva kuphulika kenako kachitini kakugubuduzika kakufuka, ndipo mphindi yomweyo maso anayamba kuwotcha, mamina, malovu, kukhosi ngati kwatsekeka, munthu umaganiza kuti ukufa. Chimene chinandithandiza nchoti ndinali nditauzidwa kale kuti zimenezi zimatha, kwa munthu wopanda matenda a m'chifuwa ululu umachepa pakapita mphindi 15 mpaka 30 ukafika pa mpweya wabwino. Utsi umenewu kwenikweni ndi kaufa kosalala kamene kamamatira pakhungu ndi pa zovala, nde mukatikita m'maso mukukalowetsa mkati. Osatikita. Onani kumene mphepo ikupita inu mulowere kumene ikuchokera kapena cham'mbali, pamalo okwera ngati alipo chifukwa utsiwo umatsika pansi. Phethirani kwambiri, pendeketsani mutu, thirani madzi oyera kuchokera mbali ya mphuno kuti atsikire kunja. Za kupaka mankhwala otsukira mano pansi pa maso, za mkaka, za viniga, ndinaziona anthu akuchita koma madzi ndi amene amachotsa, zinazo mungowonjezera mavuto m'diso. Kachitini kaja musakatole, kamatentha moti kakhoza kusupula dzanja. Mukafika kunyumba vulani zovalazo panja, muzichape pazokha, sambani madzi ozizira kaye, ana musawanyamule musanasambe. Munthu akamalephera kupuma ngakhale mwamutulutsa mu utsi, ameneyo ndi wa kuchipatala msanga.

Koma chimene chinandiopsa kuposa utsi ndi kuthamanga kwa gulu. Anthu masauzande akatembenuka nthawi imodzi mumsewu wopanikiza, wogwa amapondedwa. Ndinaona mtsikana atagwa chifukwa anawerama kuti atole foni, mwamwayi abambo awiri anamudzutsa msanga. Chagwa chisiyeni. Manja akhale pachifuwa kuti mupeze popumira, musalimbane ndi gulu, yendani nalo mukusunthira m'mbali pang'onopang'ono, pewani makoma, mipanda ndi tinjira topanda potulukira. Ndipo amene muli ndi mawu amphamvu kuwani kuti "tiyende, osathamanga", zimagwira ntchito, ndinazimva ndekha anthu akubwereza mawuwo mpaka gulu linadekha. Mukamva kulira kwa mfuti gonani pansi kapena bisalani kuseri kwa khoma lanjerwa, mukapeza mpata chokanipo, musaime kuti mujambule. Zipolopolo za rabala nazonso zimaboola diso ndipo zimapha zikamenya pamutu, musazipeputse.

Za apolisi ndinene mosamala. Ndinaona ena akumenya munthu amene anali atagona kale pansi, ndipo zimenezo sindidzazikhululukira mwachisawawa. Koma ndinaonanso wina wamng'ono, wosapitirira msinkhu wa mng'ono wanga, utsi utamubwerera, maso ali psuu, ndipo mayi wina anamupatsa botolo nkumuuza kuti "bwana, sambani m'maso." Analandira, anayang'ana pansi. Wolamulira wankhanza sagwira yekha mfuti, amadalira anthu ngati ameneyu kuti amvere, ndipo tsiku limene iwo akana ndi limene zinthu zimatembenuka. Ku Philippines mu Febuluwale 1986 masisitere anagwada kutsogolo kwa akasinja, asilikali anakana kuwombera khamu, pa 25 mwezi womwewo pulezidenti Ferdinand Marcos anathawa. Wapolisi amene mwamugenda sangakane lamulo lowombera, mwamupatsa chifukwa. Nde musawatukwane, musawakhudze, musalimbane nawo ngakhale mukudziwa kuti akulakwa.

Foni ndi mboni komanso ndi msampha. Tsekani ndi manambala, osati chala kapena nkhope, chifukwa chala akhoza kukugwirani nkuchiika pompo. Chotsani zimene zingaike anzanu m'mavuto musananyamuke. Mukajambula nkhanza onetsani malo, nenani nthawi, tumizani kwa munthu wodalirika msanga, koma nkhope za anzanu oyenda nawo musaziike pa Facebook popanda chilolezo chawo, anthu amatengedwa kunyumba patapita masiku chifukwa cha chithunzi chimene mnzawo anaika mosangalala. Ndipo yembekezerani kuti netiweki ikhoza kuzimitsidwa, Egypt anachita zimenezi mu Januwale 2011, Sudan mu Juni 2019, Uganda mu Januwale 2021, nchifukwa chake mapangano a pakamwa aja ndi ofunika.

Ufulu wanu muudziwe ngakhale pamsewu sungakutchinjirizeni ku chibonga. Ndime 21 ya pangano la United Nations la ufulu wa anthu pa ndale la 1966 imateteza kusonkhana mwamtendere, ndime 11 ya pangano la Africa la ufulu wa anthu la 1981 imanenanso zomwezo. Mu 2020 komiti ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inatulutsa ndemanga nambala 37 yofotokoza bwino nkhaniyi: boma likhoza kufuna kuti lidziwitsidwe koma kukakamiza anthu kupempha chilolezo kumaphwanya tanthauzo la ufuluwo, ziwawa za anthu ochepa sizichotsa ufulu wa ena onse amene ali mwamtendere, mfuti si chida chobalalitsira gulu, ndipo kuzimitsa intaneti pofuna kulepheretsa zionetsero nkosaloledwa. Malamulo a dziko lililonse amasiyana, nde werengani a kwanu, makamaka za nthawi imene angakusungeni musanaonekere kukhoti. Kudziwa izi kunandichotsera maganizo oti ndikuchita chinthu chobisika, ndinkayenda ndikudziwa kuti wolakwa si ine.

Madzulo tinakumana pamalo athu achiwiri aja, mmodzi panalibe. Mnzake womuyang'anira anaona akumukweza m'galimoto ndipo anachita zimene tinapangana, womangidwayo anakuwa dzina lake lonse, mnzakeyo analemba nthawi, malo ndi nambala ya galimoto nkuimbira mlamu wanga. Usiku womwewo loya anali akudziwa, mmawa achibale anali pakhomo la polisi ndi mankhwala ake. Munthu amene akudziwika kuti ali kuti savutitsidwa mofanana ndi amene palibe akumufunsa. Iye atatuluka pa belo anatiuza kuti chimene chinamuthandiza ndi kukhala chete, anapereka dzina lake, anati ayankha zina loya wake akabwera, ndipo pepala limene anamupatsa kuti asaine asanaliwerenge anakana mwaulemu. Anamufunsa kuti munali ndi ndani, sanatchule munthu.

Ndisakunamizeni kuti mmawa mwake dziko linasintha. Mtsogoleri analankhula monyoza, anati tinali ochepa ndiponso olipidwa, ndipo kwa masiku angapo ndinali wofooka, tulo tosabwera, chitseko chikamenyeka ndimadzidzimuka. Zimenezi zimachitika, lankhulani ndi amene munali nawo, musazisunge mumtima. Tsiku limodzi siligwetsa ulamuliro, ndipo ngakhale wolamulirayo atachoka ntchito imakhala isanathe. Ku Sudan anthu anayamba mu Disembala 2018, Omar al-Bashir amene analamulira kuyambira 1989 anachotsedwa pa 11 Epulo 2019, koma pa 3 Juni asilikali anaukira anthu amene anali atakhala pa likulu la asilikali ku Khartoum ndipo madokotala a mbali ya zionetsero anawerenga anthu oposa 100 ophedwa. Intaneti itazimitsidwa, makomiti a m'madera anayenda khomo ndi khomo mpaka pa 30 Juni anthu anadzazanso misewu, nkukakamiza asilikali kugawana mphamvu ndi anthu wamba, komabe pa 25 Okutobala 2021 asilikali analandanso boma. Nkhani imeneyi imandiwawa koma ndimaifotokoza dala, kuti amene mukupita musaganize kuti ndi za tsiku limodzi, komanso muone kuti chimene chinawasunga nthawi yovuta chinali kudziwana kwa anthu oyandikana nyumba.

Ife kagulu kathu sikanathe. Mlandu wa mnzathu uja ukamalowa timapita kukakhala m'khoti kuti woweruza aone kuti munthuyu ali ndi anthu, timasonkherana za mayendedwe a banja lake, ndipo maina a ena amene anatengedwa tsiku lomwelo tinawapereka kwa maloya ndi mabungwe a ufulu wa anthu pamodzi ndi mavidiyo amene tinasunga. Amene anavulala tinawalimbikitsa kuti atenge lipoti la kuchipatala ndi kujambula mabala asanapole, chifukwa pakadzafunika umboni mawu okha sadzakwana. Ngati m'dera lanu muli banja limene munthu wawo sanabwerere, pitani mukawaone sabata ino, mufunse ngati ali ndi loya, ngati alibe muwalumikize ndi amene akuthandiza omangidwa, ndipo tsiku la kukhoti mulilembe kuti mudzapite nawo.